Kavalo waulere wa ku Chipata

Lachisanu

Ndafika ku Chipata dzuwa litapendeka, kudzasewera mpikisano wa chess. Ku Lilongwe ndinanyamuka cha m'ma 10 koloko pa minibasi ya ku Mchinji, ndipo pa Namitete tinaima nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba mpaka kupsa, kondakitala akukangana ndi mayi wina ngati matumba ake a mbatata anali awiri kapena atatu. Pa boda ya Mwami zinthu zinaphweka masiku ano. Maofesi a mayiko onse awiri ali m'nyumba imodzi, udinditsa apa, usuntha pang'ono, udinditsanso apo, basi uli ku Zambia. Panja osintha ndalama amakuunjirira, ndipo pofunsa mtengo uzitchula kuti kwacha yake iti, poti uku ndi kwacha, uko ndi kwachanso.

Kuchoka pa boda kufika m'tauni sipakwana makilomita 30. Chipata wakhala pakati pa mapiri ngati mphika pamafuwa. Azungu ankamutcha Fort Jameson, ndipo mpaka 1911 linali likulu la North-Eastern Rhodesia. Mu 2017 boma linamukweza kukhala mzinda. Koma chimene mlendo amayamba kuona ndi njinga. Njinga zonyamula anthu, zonyamula makala, ina ndaiona itanyamula mbuzi ziwiri zikuyang'anana ngati zili pamlandu.

Msuweni wanga anadzanditenga pa njinga yamoto. Moni wake unali wakuti, "Asuweni, mwabwela kutipatsa ma point?" Ndinamuuza kuti ayang'ane kutsogolo.

Ndikugona ku Kapata kwa amalume, alongo awo a amayi anga. Anaphunzitsa masamu zaka zoposa 30 m'masukulu a ku Katete ndi ku Petauke, pano anapuma. Ndi iwo anandiphunzitsa chess ndili mwana, pomwe ndinkabwera kutchuthi, pa bolodi yomwe ma pawn atatu anali zitsekerero za mabotolo. Pakhoma la pabalaza pakadali kapepala ka nyuzi kofiirira ndi ukalamba, ka Amon Simutowe, mwana wa Zambia amene anakhala Grandmaster, udindo wapamwamba kwambiri wa osewera chess, mu 2009. Amalume amamutchula ngati anakulira m'nyumba mwawo. Ndivomere pano, ndisanayambe kudzitama, kuti pa chess anzathu a kuno anatisiya patali ife a ku Malawi.

Mpikisano womwe ndabwerera ndi waung'ono, wa makalabu, maraundi asanu, atatu mawa, awiri Lamulungu. Ine ndi wosewera wamba, wa m'ma 1500 pa muyeso wa mphamvu za osewera. Kuti muone pomwe ndili: mndandanda wa FIDE, bungwe loyang'anira chess padziko lonse, umayambira pa 1400, ndipo katswiri wa ku Norway Magnus Carlsen anafikapo pa 2882.

Usiku tadya nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera ndi mbewa, poti ino ndi July, nyengo yake. Amalume sanandifunse ngati ndakonzeka. Anangoti, "Cholembera uli nacho? Ulembe zooneka, ndi nthawi ya pawotchi yomwe. Ndidzafuna kuwerenga."

Loweruka

Ndalemba izi mtima ukadali wotentha, ndiye mundikhululukire.

Tinasewerera mu holo ya sukulu ina, anthu pafupifupi 40, pa madesiki olumikiza awiriawiri. Kunazizira m'mawa moti ena anayamba raundi yoyamba atavala zipewa zaubweya. Aliyense anali ndi ola limodzi, kuwonjezera masekondi 30 pa move iliyonse, ndipo pa nthawi yotere lamulo limati ulembe move iliyonse mpaka kumapeto. Amagwiritsa ntchito dongosolo la Swiss: palibe wotuluka, ukapambana umakumana ndi wopambana mnzako, ukagonja umakumana ndi wolira mnzako.

Raundi yoyamba ndinagonjetsa mnyamata wina amene anandipatsa rook ngati mphatso ya ukwati. Yachiwiri tinafanana mphamvu ndi bambo wina wa ku Lundazi. Yachitatu anati iyamba "15 hours", monga amanenera kuno, ndipo nditapeza bolodi yanga panali patakhala kale mtsikana wa sekondale, juzi ya sukulu, cholembera chomangirira mphira. Anaimirira, nandipatsa dzanja atagwira chigongono. "Muli bwanji ankolo." Mumtima ndinati, eya, point ina iyi.

Ine ndinali ndi zoyera. Kwa amene muli ndi bolodi pafupi, nayi yonse. N ndi kavalo, B bishopu, Q kwini, K kingi, R rook, x ndi kudya, O-O ndi O-O-O ndi castle (kusuntha kingi ndi rook pamodzi pobisa kingi), ndipo mate ndi pomwe kingi wagwidwa alibe kothawira, masewero n'kutha.

1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Bc5 4.O-O Nf6 5.d3 d6 6.Bg5 h6 7.Bh4 g5 8.Bg3 h5 9.h3 h4 10.Bh2 g4 11.hxg4 Bxg4 12.c3 Qd7 13.Nbd2 O-O-O 14.b4 Bb6 15.a4 a6 16.Qc2 h3 17.g3 Bxf3 18.Nxf3 Qg4 19.Qe2 Nh5 20.Kh1 Nf4 21.gxf4 Qg2 mate.

Ma move 21 basi. Ena anali asanamalize n'kutulutsa akavalo awo.

Chinachitika n'chakuti ndinali bwinobwino mpaka move yomaliza. Atayika kavalo pa h5 ndinaona chimene ankafuna: kulumphira pa f4, poti pawn yanga ya pa g3 inali yomangika, kwini wake ali pa g4, kingi wanga pa g1, mzere umodzi. Ndiye ndinachotsa kingi pamzerepo, n'kumuika pa h1. Iye anabwerabe pa f4. Ndinati mwanayu sanaone kuti ndamasula pawn. Dzanja linapita lokha. Nditangodya, kwini anatsetsereka kudutsa pa g3 pomwe pawn yanga inachoka, n'kukhala pa g2, pawn yake ya pa h3 ikumuchirikiza. Sananene n'komwe kuti mate. Anangoimitsa wotchi, n'kundipatsanso dzanja atagwira chigongono.

Chikomekome cha mkuyu. Move imodzi yopusa yandiwonongera masewero abwino, nkhani yake ndi yomweyo.

Amalume awerenga pepala lija atavala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Sananene kanthu. Alipinda n'kuliika m'thumba la malaya awo.

Lamulungu

Ndapambana imodzi, ina tafanana. Ndamaliza ndi ma point atatu pa asanu, pakatikati pa mndandanda, malo oti palibe amakuombera m'manja komanso palibe amakumvera chisoni. Mtsikana uja wapeza anayi, ndipo walandira envelopu ndi mendulo. Msuweni wanga wakhala akunditcha "a g2" kuyambira masana.

Madzulo ndinatsegula Lichess, tsamba la chess la pa intaneti, pafoni kuti ndilowetse masewero aja, Stockfish, pulogalamu yosanthula masewero, indiuze. Amalume anatambasula dzanja ngati mmene ankalandira zolembalemba m'kalasi. "Foni igone. Idzadzuka Lachiwiri." Anandipatsa kope ndi ntchito: pa move iliyonse ndilembe chimene ndinkaganiza nthawi imeneyo, osati chimene ndikuganiza lero. "Ukanama ndidzadziwa, poti nthawi unalemba wekha."

Magetsi anathima cha m'ma 8. Ndalemba pa kandulo, ndipo ntchitoyi ndi yowawa kuposa mmene imamvekera. Pa ma move ena ndapeza kuti sindinkaganiza chilichonse. Ndinkangosewera zomwe dzanja linazolowera ku kalabu yathu Lachinayi lililonse.

Lolemba

Tsiku lonse sindinatuluke pampanda. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, bolodi pa kampando, ndipo aanti anatiikira lichero la mtedza wa chalimbana pakati pathu, ati manja asamangogwira tizidole.

"Tiyambe pa 21," ndinatero.

"Pa 21 palibe chophunzira. Munthu akagwera m'chitsime usiku sitifunsa za madzi. Timafunsa anatuluka bwanji m'nyumba."

Anangondilola kuona chinthu chimodzi: kuti ngakhale pamenepo njira inalipo, imodzi yokha, 21.Qd1. Kwini athawe kavalo koma asasiye kulondera f3, chifukwa akangosiya kulondera kwini wakuda adya pa f3 ndipo mate ibwera yomweyo. Kenako analoza pepala. Pa move ya 20 wotchi yanga inali pa mphindi 34. Pa move ya 21, mphindi 34. Ndinali ndi theka la ola m'thumba, ndinagwiritsa ntchito masekondi osakwana khumi.

Tinabwerera kumayambiriro. Chiyambi ichi cha Bc4 ndi d3 chimatchedwa Giuoco Pianissimo, Chitaliyana, kutanthauza masewero odekha kwambiri. Ndimachikonda chifukwa cha dzinalo. Pa move ya 6 ndinalemba m'kope kuti, "Ndimange kavalo wake." Amalume anawerenga mokweza, n'kufunsa kuti kingi wa mtsikanayo anali kuti nthawi imeneyo. Anali pa e8, asanachite castle.

"Manje ona. Bishopu pa g5 amavuta ngati mnzako wagoneka kale kingi wake mbali imeneyo, chifukwa akamuthamangitsa ndi h6 ndi g5 akusasula denga la nyumba yake yomwe. Uyu anali asanamange nyumba. Ma pawn amenewo anali aulere, ndipo rook yake ya pa h8 inali itayang'ana kale kwa iwe osasuntha n'komwe. Iwe pa move ya 4 unamuuza kumene ugona. Pa move ya 6 unamupatsa chifukwa chobwerera kumeneko."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope lakale lachikuto cholimba, lolembedwa m'kalembedwe ka kuno komwe "chifukwa" amalemba "cifukwa". Anatsegula tsamba lina n'kundiuza kuti ndiyendetse zoyera. Ma move asanu ndi atatu oyamba anali anga enieni, osasiyana ngakhale pamodzi. Pamwamba panalembedwa kuti Knorre ndi Chigorin, St Petersburg, 1874. Ndinachita manyazi a mtundu wina, oti dzenje lomwe ndagweramo anthu analikumba agogo a agogo anga asanabadwe.

Pa 8...h5 wakuda akufuna h4, ndipo bishopu wa pa g3 alibe kothawira. Knorre anadya pawn: 9.Nxg5 h4 10.Nxf7, kavalo akuloza kwini ndi rook nthawi imodzi. Chigorin sanapulumutse chilichonse mwa ziwirizo. 10...hxg3 11.Nxd8 Bg4 12.Qd2 Nd4 13.Nc3 Nf3+ 14.gxf3 Bxf3, ndipo woyera anagonja ali ndi kwini, mnzake alibe. Ndinakhala ndikuyang'ana kwa kanthawi. Ukadya pa g3 ndi pawn ya h, rook itsikira pa h1, mate. Ukapanda kudya, pawn idya pa h2, mate. Pawn ya pa f2 siingathandize poti bishopu wa pa c5 waimanga. Amalume ankaseka chamumtima akusenda mtedza, ngati ndi iwo anasewera.

Ine pa move ya 9 ndinalemba kuti, "Nxg5 ikuoneka yokoma koma mtima wakana." Anati mtima unachita bwino, koma mtima si kuwerengera. Anandionetsanso ina, ya Dubois ndi Steinitz ku London mu 1862, Steinitz yemwe uja anadzakhala katswiri woyamba wa dziko lonse mu 1886. Dubois anasewera 9.h4. Anagonjabe, koma taonani kusiyana kwake: h4 imaimitsa pawn yakuda panjira, bishopu n'kukhalabe pa g3 akupuma mpweya. Yanga ija, 9.h3, inangomukonzera bishopu kachipinda pa h2. Pofika move ya 17, pawn yanga ili pa g3, yake ili pa h3, kachipinda kaja kanasanduka manda. Pomwe kavalo ankatera pa f4, bishopu amene akanamudya anali kuseri kwa pawn yangayanga. Ndipo pa mate anali akadali pomwepo pa h2, pambali pa kingi, osathandiza kanthu.

Apa ndinaganiza kuti tapeza wolakwa, ndipo ndinayamba kutolera zidutswa. Amalume anandigwira dzanja. Ati ndi bishopu woipa anthu amapulumuka tsiku ndi tsiku. Tipitirire.

Pa 13 iye anachita castle mbali ya kwini. Zikatere masewero amasanduka liwiro: iye akuthamangira kingi wanga uku, ine ndikuthamangira wake uko, wofika msanga ndiye mwini nyama. Ndipo ndinayamba bwino. 14.b4 inakankha bishopu, 15.a4 inaopseza kumutsekera ndi a5, iye n'kuyankha a6 kuti bishopu apeze pobisala. Pa ma move awiri amenewa m'kope ndinalemba mawu onyada.

Kenako 16.Qc2. Mphindi 11 ndinakhala pa move imeneyi, yaitali kuposa ina iliyonse. M'kope ndinalemba mzere umodzi: "Pin (kumangika kwa kavalo) ya pa f3 ikundisowetsa mtendere."

"Inakuluma?"

Ndinati ayi, koma inali pamenepo.

"Werenga. Akumuukira kavalo wako ndi angati?"

Mmodzi, bishopu wa pa g4.

"Omulondera?"

Ndinawerenga ndi chala. Kwini pa d1, kavalo mnzake pa d2, pawn pa g2. Atatu. Ndipo d4, pomwe kavalo wake akanalowera kudzawonjezera moto, ndinali nditatseka kale ndi c3.

"Manje tiye tione mmene alonda atatu anathera."

Woyamba ndinamuchotsa ndekha, popanda wondipempha. Wachiwiri anachoka pomwe h3 inandikakamiza kukankha g3, poti kudya pa h3 kukanatsegula mzere wa g kuti rook zake zilowe. Wachitatu anatha posinthana pa f3. Ma move atatu, alonda atatu, ndipo 18...Qg4 inapeza kavalo ali yekhayekha, kumbuyo kwake kuli mate pa g2. Kwini amene ndinamutumiza ku c2 anabwerera wothamanga kudzagwira ntchito yomwe anali akuigwira kale pa d1. Akanakhala pomwepo, Bxf3 ndikanayankha ndi Qxf3, kwini n'kuima pakhomo pa kingi wake, uku akuloza kavalo wa pa f6.

Amalume anabwezera zidutswa pa move ya 16, n'kukankha pawn yanga ya b ndi chikhadabo, b5. Anangokhala chete kuti ndione ndekha. Pawn ikuloza kavalo wa pa c6, ndipo ikamudya ikhala ikulozanso kwini, ndiye iye alibe mpata wa h3. Akadya, axb5 axb5, mzere wa a watseguka. Kavalo akathawira pa e7, malo amene dzanja limafuna, Ra8 ndi mate: kingi watsekeredwa ndi kwini wake, rook yake ndi ma pawn ake. Akhoza kubwerera pa b8 ngati kamwana kobwezedwa pakhomo la sukulu. Akapanda kudya n'kusewera Na5, ndidya pa a6, ndipo mpanda wa kingi wake wayamba kugwa.

Ndinayang'ana rook yanga ya pa a1. M'masewero onse aja sinasunthe ngakhale kamodzi. Inadinditsa pasipoti pa Mwami kudzangoonerera.

Apa ndiye ndinaulula chimene sindinalembe m'kope. b5 ndinaiona. Pa mphindi 11 zija, zisanu ndi ziwiri ndinali pa b5. Ndinaisiya chifukwa cha Na5, poopa kuti andidyera bishopu wanga wa pa c4, amene ndimamukonda ngati mwana woyamba. Bishopu yemweyo anakhala pa c4 mpaka mate, osadya kanthu, osaopseza munthu. Ndipo panalinso china chonyansirapo. Ndinkaona ngati kukankha ma pawn kwa mtsikanayo ndi zachibwana, zoti zitha zokha ndikangokonza nyumba yanga bwinobwino. Ndinkamuopa ndi kumuderera nthawi imodzi, ndipo sindinadziwe kuti zimenezi zimatheka.

Aanti, amene chess saidziwa ndipo safuna kuidziwa, anabwera kudzatenga lichero. Anamva mbali yomaliza. "Ndiye kuti munakumba una mpaka kumva fungo la mbewa, n'kuika khasu pansi kuti muthamangitse ntchentche?" Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Mtedza tinasenda theka lokha.

Lachiwiri

M'mawa ndinapita ku Down Shops kukagula zitenje za mayi a kunyumba, pafupi ndi mzikiti waukulu uja umaonekera patali. Ndinatsika mtengo ngati Mmalawi, wogulitsa anandizindikira ndi kalankhulidwe, tinagwirizana pakati.

Pobwerera ndinadzera mumsika wa Kapata kufuna nyemba zoti ndipite nazo, ndipo ndinamva, "Ankolo! Ankolo a ku Malawi!" Anali mtsikana uja, ataweruka kusukulu, akuthandiza amayi ake pa benchi ya nyemba ndi kapenta. Amayiwo anandilonjera mwaulemu, n'kudandaula kuti mwanayu amaiwala kubweza chenji chifukwa mutu uli ku tizidole. Pansi pa benchi panali kabolodi kopinda. Tinakayala pa thumba la nyemba.

Ndinamufunsa ngati amadziwa za Chigorin. Sanamumvepo. Chimene amadziwa, anachiphunzira kwa aphunzitsi ake ndi pa masewero othamanga pafoni ya achimwene ake, n'chakuti munthu akachita castle msanga n'kubweretsa bishopu pa g5, umuthamangitse, osayang'ana kumbuyo.

Sindinamuuze zomwe tinapeza dzulo. Ndinangoika zidutswa pa move ya 16 n'kumufunsa chimene ankaganiza pomwe ine ndinkadya mphindi 11.

"Ankolo, b5 ndiye nenze kuyopa. Nenze nayamba kupemphela. Pamene munagwila queen, mtima unakhala pansi."

Ndiye kuti nthawi yonse ija tinakhala moyang'anana, aliyense akuopa mnzake, nkhope zili gwa. Papepala palibe pamene zimenezi zinalembedwa.

Kenako anandionetsa chimene ngakhale amalume sanachione. Anapititsa masewero mpaka 19...Nh5, n'kunena kuti atangochotsa dzanja pa kavaloyo anamva kuzizira m'mimba. Ali pa f6, kavalo ankalondera kwini wa pa g4. Atapita pa h5, kwini anatsala wopanda mlonda, ndipo pakati pa iye ndi kwini wanga wa pa e2 panali kavalo wanga yekha. Anatenga kavalo wangayo n'kumuika pa d4.

Ndinati mwanawe, pamenepo adyedwa katatu, ndi pawn, ndi kavalo, ndi bishopu.

"Ayese. Mudya queen na check."

Zoonadi. Chilichonse chikadya pa d4, Qxg4 ibwera ndi check, poti mzere wochoka pa g4 kukafika pa c8 uli pululu. Akasinthana, Qxe2, kavalo yemwe uja abwerera kudzadya pa e2, n'kuima molondera f4 ndi g3. Popanda makwini mate palibe, ndipo pawn ya pa h3 yomwe inandipha ikanasanduka mwana wamasiye wofuna womusamala. Akathawitsa kwini, ndidya pa c6, kenako bishopu wanga wokondedwa uja apeza ntchito pa a6. Ine pa move imeneyo m'kope ndinalemba kuti, "Ndichotse kingi pamzere." Ndinkayang'ana chimene kavalo wake akubwera kudzachita. Chimene anasiya kuchita pochoka pa f6 sindinachifunse.

Amayi ake anandipimira nyemba, n'kuwonjezera basela wamkulu, kaya chifukwa cha chisoni. Mtsikanayo anandipempha kuti ndimutumizire masewero a Chigorin aja. Ndinamulembera pa chikutiro cha katoni, pamtima, ndipo ndinadabwa kuti ndinawakumbukira onse.

Nditawaonetsa amalume Nd4, anavula magalasi onse awiri. Anayesa kuitsutsa kwa mphindi makumi awiri, akung'ung'udza, kenako anatenga kope lawo lachikuto cholimba n'kulemba masewero athu onse patsamba lotsatira la Steinitz, dzina la mtsikanayo pamwamba, langa pansi pake.

Usiku anandibwezera foni. Stockfish inaika zizindikiro ziwiri zofunsa pa 21.gxf4 m'kanthawi kochepa kuposa kamene ndinatenga poisewera. Pa ma move enawo inandipatsa manambala ndi mizere yaitali, ina yoti ngakhale nditakhala nayo sabata sindingaiganize pabolodi. Ndinaiyendetsa theka la ola. Ndi yothandiza, sindikana, ndipo ndikafika kunyumba ndidzakhala nayo pansi pa mzere wa b5 Na5. Koma ndikanaitsegula Lamulungu lija ndikanaona zizindikiro ziwirizo, n'kuvomereza kuti ndimanena zoona, n'kukagona.

Lachitatu

Ndanyamuka m'mamawa kukadali chisanu. Aanti andimangira mtedza womwe tinasenda uja, ati theka linalo ndidzamalize ndikadzabweranso. Amalume andiperekeza mpaka pamsewu, ndipo pepala la masewero akana kundibwezera. Msuweni wanga ponditsitsa pokwerera magalimoto a ku boda anakuwa kuti anthu onse amve, "Muyende bwino a g2, mukapeleke moni ku a1!"

Mu minibasi yochoka ku Mchinji ndinakhala kumbuyo, kabolodi kanga ka maginito pamiyendo, nditaika zidutswa pa move ya 17. Pambali panga panali bambo wachikulire wa chipewa cha mlaza, amene anati iye ndi wa bawo, izi za azunguzi sazitsata. Anayang'anitsitsa kuchokera pa Kamwendo mpaka tikuyandikira Namitete, osalankhula. Kenako analoza pakona ndi chala chokhakhala, pa bishopu wa pa h2.

"Nanga uyu, achimwene, amatuluka bwanji umu?"

Ndinawauza kuti satuluka.

"Anamutsekera ndani?"

Kondakitala anali akutambasula kale dzanja kufuna ndalama, ndipo ndinayamba kufufuza m'matumba, kusiyanitsa kwacha ya uku ndi ya uko.